Mpunga Umene Sunafike ku Japan

Galimoto yathu inkalankhula Chijapani. Ukangoiliza, mawu a mayi wina waulemu kwambiri ankatuluka kutsogoloku, ndipo pa kasikirini pankabwera mapu a dziko la eni ake. Amuna anga, bambo a Tadala, anaigula yakale kwa munthu wina ku Swords, kuno ku Ireland kumene timakhala, ndipo makaniko aliyense amene anayesa kuisintha chilankhulo anaimika manja. Choncho ife tikamapita kutchalitchi, kamuvi ka pa mapupo kankakhala kakuyenda m'minda ya ku Japan, nthawi zina m'nyanja mwenimweni. Ana ankawatchula mayiwo kuti Anti a m'galimoto.

Koma za Japan sizinayambire pa galimotoyo. Mng'ono wanga Chisomo anapita kumeneko kukaphunzira za ulimi, kuchigawo chotchedwa Niigata, kumene amati sinowo amaunjikana mpaka kutseka mawindo. Nthawi imeneyo bambo a Tadala ankagwira ntchito yokweza katundu pa eyapoti, ndipo ntchitoyo inali ndi mwayi wa matikiti otsika mtengo. Tinagwirizana kuti Khirisimasi tikadyere kwa Chisomo, ife ndi ana athu awiri, Tadala wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Mphatso amene anali asanakwane zitatu.

Amuna anga ndi munthu wa mapulani. Anamata mapu a Japan pa firiji m'kafulati kathu ka ku Ongar, n'kumalemba mizere ndi bolopeni yofiira. Ku Tokyo tigoneko kamodzi kokha, chifukwa ana angatisowe m'chigulu cha anthu. Kenako sitima ya ku Niigata. Kenako Nagano, kumene Tadala anamva kuti anyani amasamba m'madzi otentha sinowo akuwagwera pamutu. Za Hokkaido, chilumba cha kumpoto kwenikweni, tinakangana sabata yathunthu ngati tili ndi munda kumeneko. Iwo ankafuna, ine ndinkati mwana wa thewera sungamuyendetse dziko lonse m'chisanu. Ndinapambana ndine.

Chisomo anapempha chinthu chimodzi chokha: mpunga wa Kilombero. Anati wa kumeneko ndi wabwino ndithu, koma sununkhira kwathu. Mayi wina wa kutchalitchi atapita kumudzi anandibweretsera kathumba kolemera bwino, kosokedwa ndi ulusi pakamwa.

"Mayi a Tadala, zoona tinyamule mpunga kupita nawo ku Japan?" anaseka amuna anga. "A pa eyapoti akaitanizana kudzationa."

"Aitanizane. Kwa m'bale sapita chimanjamanja."

Kenako zinthu zinavuta mu Ireland muno. Nyumba zomangidwa theka zinangoima choncho, anthu ankachotsedwa ntchito ngati nsabwe, ndipo tsiku lina bambo a Tadala anabwera masana atanyamula jekete lawo la ntchito m'jumbo. Anakhala pakhomo miyezi ingapo, mpaka anapeza malo ku fakitale ya nsomba ku Killybegs, m'chigawo cha Donegal, kumapeto kwenikweni kwa dziko. Ine sindikanasiya ntchito yanga yosamalira okalamba. Anapita okha.

Mapu anatsala pa firiji. Tadala akafunsa za Japan ndinkangoti tiona. Mpunga uja ndinakaubisa m'buti ya galimoto, pansi pa bulangete, chifukwa m'kabati ndikanauphika tsiku lina la mavuto. Kuudya kunali kuvomera kuti ulendo wafa, ndipo ine sindinafune kuvomera.

Chimene chinandisowetsa mtendere kwambiri chinali cha Mphatso. Bambo ake ankaimba foni madzulo alionse, ndipo ankayamba ndi funso lomwelomwelo: "Mphatso, mwana wa ndani?" Iye ankakuwa kuti, "Wa adadi!" Posakhalitsa anayamba kuitchula foniyo kuti adadi. Ankaipsompsona, kuifunditsa kansalu, kuipatsa supuni ya phala. Poyamba tinkaseka. Koma bambo ake atabwera kamodzi kudzationa, mwana analira n'kukabisala kuseri kwa sofa, ndipo masiku awiri onsewo anakana kunyamulidwa. Amuna anga ndinangowaona pokwera basi akupukuta m'maso ndi chipewa, ndipo mtima unandipweteka kwambiri.

Khirisimasi itayandikira kunagwa sinowo amene ngakhale azungu okalamba a kuntchito kwanga ankati sakumukumbukira. Mabasi ambiri anaima. Bambo a Tadala, poti anali atsopano, ndi amene anawasiyira kuyang'anira mafiriji a fakitale masiku a tchuthi. Atandiuza kuti sabwera, ndinayang'ana Mphatso akugoneka foni pa pilo, ndipo ndinati basi, tipita ndife.

"Uyendetsa ndiwe?" anafunsa pa foni. "Iwe amene ukangoyendetsa kamtunda kakafupi kofika ku Crumlin umatsika ukutuluka thukuta?"

"Ndine amene. Konzani malo ogona."

Laisensi yanga inali yatsopano, n'zoona. Vuto lina linali la msewu. Wachidule wopita ku Donegal umayambira pakhomo pathu penipeni, koma umadutsa ku Northern Ireland, ndipo mapepala athu sankatilola kuponda dziko la Angerezi. Mzungu amadutsa malire amenewo osadziwa n'komwe kuti wadutsa. Ife tinayenera kuzungulira, kulowera kumadzulo mpaka ku Sligo, kenako kukwera m'mbali mwa nyanja.

Nkhani siichedwa kutchalitchi. Madzulo omwewo anandiimbira Esnart, nesi wa ku Zambia amene timaimba naye kwaya, koma ntchito amagwira ku Sligo.

"Ba sisi, namvela muyenda ku Donegal. Ninyamuleniko, nizasala pa Sligo. Nili na shift mailo usiku, ma bus kulibe."

Ndinavomera msangamsanga. Munthu wamkulu pambali panga ndinkamufuna kuposa mafuta.

Tinadzuka m'mamawa, koma kunyamuka kunali nkhani ina. Galasi la kutsogolo linali litaundana, ndipo chopalira ayezi ndinalibe. Ndinapala ndi chipande. Ana ndinawaveka zovala zonse zimene ndinawagulira m'mashopu a kaunjika pokonzekera Niigata, china pamwamba pa chinzake, mpaka Mphatso manja anangoti tambalale osatha kuwatsitsa. Lamba wa mpando wake anakana kutseka.

"Manje imwe, mwamuvalika monga ayenda ku mwezi," anatero Esnart. "Chosani chimozi."

Tinachotsa ziwiri. Kamba wa panjira anali mandasi odzaza chidebe, mazira owiritsa ndi tiyi wa m'fulasiki. Esnart anapemphera pemphero lalitali lotchula tayala lililonse, ndinaliza injini, Anti a m'galimoto anatipatsa moni wawo, tinanyamuka.

Pa tolo geti ya msewu waukulu ndinaima kutali ndi kadengu koponyamo ndalama. Ndinatambasula dzanja, makobidi anagwera mu sinowo. Ndinatsika kukawafukula, a kumbuyo akundiyang'ana mwaulemu wa Chiairishi uja woti sakuliza hutala koma ukumva ndithu kuti akukutukwana mumtima. Tadala anabisa nkhope ndi manyazi.

Kuyambira pamenepo tinayenda ngati maliro. Msewu unali ndi mizere iwiri yakuda imene matayala a anzathu anasiya, ndipo ine ndinaikakamira osayang'ana kumbali. Tadala ndi amene anali ndi nthawi yoona dziko. Ankasuzumira pa kasikirini, kenako pawindo, n'kulengeza m'Chingerezi chake cha kusukulu kuti tafika ku Tokyo. Unali Mullingar. Tinaima pa Tokyo pomwepo chifukwa Mphatso anali atawononga thewera, ndipo kumuvula zovala zonse zija m'kachimbudzi ka pa filing'i siteshoni kunali ngati kusenda anyezi.

"Iyi motoka ikamba chani kansi?" anafunsa Esnart titabwerera mumsewu, Anti atalankhulanso.

"Akuti bwererani, mwasochera."

"Muwauze tinasochela kudala, pamene tinachoka kwathu."

Tinaseka mpaka ndinatsala pang'ono kuphonya mizere yanga.

Titapitirira Longford, galimoto zonse zinaima. Tinadikira, tinadikiranso. Uthenga unabwera kuchokera kutsogolo, windo ndi windo, kuti chilole china chapingasa msewu pa chitunda. Ndinkazimitsa injini kuti ndisunge mafuta, kuzizira kukalowa ndinkailizanso, ndipo ulendo uliwonse Anti ankatipatsa moni watsopano ngati sitinaonanepo. Mphatso analira kufuna kutsika. Kenako analira kufuna adadi, ndiye kuti foni, ndinamupatsa. Anaiika pa tsaya n'kugona.

M'galimoto ya kutsogolo kwathu munali bambo wina wachikulire yekhayekha. Esnart anamuyang'ana kanthawi, kenako anatenga chidebe cha mandasi.

"Sitingadye tekha munthu alikutiona."

Ndinamuuza kuti azungu sadya za anthu osawadziwa. Sanandimvere. Anagogoda pawindo, ndipo bamboyo anatenga limodzi mwamanyazi, analuma, anatenganso awiri. Posachedwa chidebe chinayenda galimoto zingapo. Chinabwerako muli masikono okulungidwa bwino, machokoleti, ndi malalanje. Mayi wina anabwera kudzaona ana, ndipo Tadala anamuuza mosaphethira kuti tikupita ku Japan. Mayiyo anati tasankha tsiku labwino.

Ndinaseka nawo mongodzikakamiza. Tadala anali atauza kalasi yake yonse za anyani osamba aja.

Msewu unatsegulidwa dzuwa litapendeka kale, lole yothira mchere wosungunula ayezi ili patsogolo, ife tonse pambuyo pake ngati nkhosa. Carrick, Boyle, zonsezo ndinangoziona pa zikwangwani. Ku Sligo Esnart anatsika pafupi ndi chipatala. Anafuna kundipatsa ya mafuta, ndinakana, anaiponya pa mpando n'kutseka chitseko. Kenako anabwereranso pawindo.

"Osayopa ba sisi. Osaponda brake na mphamvu. Mukafika munitumile."

Atachoka, m'galimoto munakula. Ndinayamba kumva mantha enieni. Kumanzere kunali nyanja yotuwa, kumanja phiri loyera, ndipo Tadala anati limenelo ndi Nagano, tiyang'ane anyani. Tinaona nkhosa zokhazokha. Bundoran inali itatseka zitseko zonse. Pa Donegal tawuni ndinathira mafuta ndi ndalama ya Esnart ija, ndipo mnyamata wa pa kauntala atamva kumene tikupita anangokweza nsidze.

Bambo a Tadala ankachita lendi chipinda m'nyumba ina kunja kwa Killybegs. Anandiuza kuti ndisanalowe m'tawuni ndikhotere kumanja, ndikwere kamsewu kakang'ono, nyumbayo ili kuseri kwa chitunda, kiyi ali pansi pa mphika wa maluwa. Iwo aweruka kukada. Chimene anaiwala n'chakuti iwo kamsewuko amakayenda wapansi, atavala majombo a ku fakitale.

Lole ya mchere sinafikeko. Tinayenda bwino kamtunda ndithu, mpaka pamene kamsewu kanadzuka mwadzidzidzi. Sichinali chitunda chachitali, kwathu mwana amachikwera ndi ndowa pamutu. Koma chinali chonyezimira ngati mbale. Galimoto inakwera pang'ono, matayala anayamba kuzungulira pamodzimodzi, kenako tinatsetsereka chammbuyo pang'onopang'ono mpaka tinaima pamene tinayambira. Ndinayesanso, zomwezo. Kutembenuka kunali kosatheka, mbali zonse kunali makoma a miyala. Foni ya amuna anga inkangoitana, chifukwa m'mafiriji salowa nazo. Kunja kunayamba kuchita mdima wa madzulo, ndipo kuyenda wapansi pa ayezi ameneyo, mwana kumsana wina kudzanja, sindikanayerekeza.

Ndinakumbuka za kwathu nthawi ya dzinja, minibasi ikatitimira m'matope. Anthu amatsika, kuthyola nthambi, kutapa mchenga, kuika pansi pa matayala. Ndinatsika kukafuna nthambi. Kunali minga yokhayokha yokwiririka, ndipo dothi linali lolimba ngati simenti. Ndinayala chitenje changa pansi pa tayala. Linachimeza n'kuchilavulira kumbuyo. Ndinayesa timakapeti ta m'galimoto, tinauluka chimodzimodzi.

Ndinatsegula buti kuti ndione ngati muli china chilichonse. Ndinasuntha chikwama, ndinakweza bulangete, ndipo kathumba kaja kanali pomwepo, ulusi wake uli chisokedwere.

Ndinaima nthawi yaitali ndikukayang'ana. Mayi anga ankatitoletsa njere iliyonse ya mpunga ikagwa pansi. Ndipo uwu sunali mpunga wamba, unali utawoloka nyanja m'chikwama cha munthu, kudikira kuwolokanso ina. Ndinakanyamula n'kupita nako kutsogolo. Tadala anatsitsa galasi.

"Mummy, that's for Aunty Chisomo."

"Ndikudziwa, mwanawe."

"That's for Japan."

Ndinagwada pambali pa chitseko kuti tiyang'anane. Mawu aja akuti tiona anali atafika kale pamilomo, koma ndinawameza.

"Tadala, ku Japan sitipita chaka chino. Mwina ngakhale chaka chamawa. Adadi ntchito ya ku eyapoti inatha, matikiti aja anathera pomwepo."

Ndinkayembekezera kuti alira. Iye anangondiyang'ana ndi maso a bambo ake aja, ndipo anayankha m'Chichewa, chimene sachita kawirikawiri.

"Ndikudziwa, amami. Kalekale." Anacheukira Mphatso amene anali m'tulo. "Ndimafuna Mphatso aziganiza kuti tikupita penapake."

Apo ndi pamene ndinalira ine, mayi wamkulu, nditagwada mu sinowo wa ku Donegal. Koma kulira kunalibe nthawi. Ndinadula ulusi ndi mano. Fungo lija linatuluka, la pa ukwati, la Khirisimasi ya kwathu, pakati pa chisanu chimenecho. Ndinakwera chitunda chokwawa, dzanja limodzi pa khoma, ndikuwaza mpunga m'mizere iwiri motsata pamene matayala adutse, wambiri pamalo potsetsereka kwambiri. Ndinkapepesa chamumtima, kwa Chisomo, kwa mayi anga, kwa amene anaulima. Akhwangwala anali atayamba kale kutera pa khoma.

Ndinasiya wodzaza manja awiri pansi pa thumba. Ndinalowa, ndinaliza injini, Anti anatipatsa moni.

"Anti, tithandizeni," anatero Tadala.

Ndinaponda pang'onopang'ono, monga anandiuzira Esnart. Pansi panamveka kukukuta, ngati mbuzi ikudya chimanga. Galimoto inagwedezeka, inasuntha, inaterereka pang'ono, inagwiranso. Tadala ankakuwa kuti tiyeni, tiyeni, Mphatso anadzuka n'kuyamba kukuwa nawo osadziwa chifukwa chake. Sindinapume mpaka mphuno ya galimoto inaweramira kutsidya, ndipo nyumba inaoneka, yoyera, utsi ukutuluka pa chumuni cha oyandikana nawo. Kumunsi kunali doko ndi magetsi a zombo. Pa kasikirini kamuvi kanali pakati pa nyanja.

Kiyi anali pansi pa mphika wa maluwa. Ndinayatsa hita, ndinavula ana, ndinamutumizira Esnart uthenga. Kenako ndinatsuka mpunga wotsala uja ndi kuuteleka m'kapoto kakang'ono kamene ndinapeza.

Bambo a Tadala analowa akununkha nsomba, chipewa chili ndi sinowo. Anaima pakhomo n'kununkhiza.

"Kilombero?"

"Wotsala. Winawo mwauponda pobwera."

Anandiyang'ana, anayang'ana pansi pa majombo awo, ndipo anamvetsa. Tadala anali atawadumphira kale m'khosi. Koma Mphatso anagwira siketi yanga n'kubisala kumbuyo, diso limodzi lokha likusuzumira. Bambo ake anagwada, anatambasula manja. Mwana anabwerera m'mbuyo. Ndinaona nkhope ya amuna anga ikugwa ngati tsiku lija la pa basi, ndipo ndinaganiza kuti msewu wonsewu, mpunga wonse uja, zapita pachabe.

"Mphatso," anatero mofatsa, "mwana wa ndani?"

Mwana anadzidzimuka. Anandisiya, anathamangira pa chikwama changa, anafufuza mpaka anatulutsa foni. Anaiika pa khutu. Inali chete. Anaigwedeza, anaiyang'ana kumbuyo.

Amuna anga anapisa m'thumba pang'onopang'ono, anatulutsa yawo, anaimba. Foni inalira m'manja mwa Mphatso. Tadala anamudinira batani.

"Mphatso, mwana wa ndani?"

Mawu anatuluka kuwiri, pa khutu pake ndi pakamwa pa munthu wogwada patsogolo pake. Anayang'ana foni. Anayang'ana munthuyo. Bambo ake anafunsanso, ndipo ulendo uno mwana ankayang'ana milomo yawo ikuyenda. Anatsitsa foni, anaiika pansi bwinobwino monga ankaigonekera pa pilo, anayenda masitepe ake aafupi aja mpaka anafika. Anagwira chibwano cha bambo ake ndi manja onse awiri, ngati akufuna kuona pamene mawu akutulukira.

"Wa adadi," ananong'ona.

Mpunga unapserera pansi, chifukwa panalibe amene anakumbuka za poto. Tinaudya choncho, aliyense masupuni ochepa, Mphatso ali pamwendo pa bambo ake akuwadyetsa ndi supuni yake. Foni inatsala pansi pomwe anaisiya mpaka m'mawa.